Madamu, Mathirakitala ndi Tomato wa pa Mbare: Kodi Thandizo la Achikomyunizimu Linasiya Chiyani?

Mzinda wa Harare umadyera pa khomo limodzi, ndipo khomolo ndi Mbare Musika. Usiku wonse malole ndi mabasi amatsitsa katundu pamenepa: tomato wa ku Mutoko ndi ku Murehwa, masamba a ku Domboshava ndi ku Seke, mbatatesi ya ku Nyanga, nthochi za ku Honde Valley. Alimi ambiri amagona panja atatsamira katundu wawo, kudikira kuti chipata cha msika wa alimi chitsegulidwe mbandakucha. Dzuwa likamafika paliwombo, katundu yense uja amakhala atamwazikira m'timisika ta ku Highfield, Glen View, Mufakose ndi Chitungwiza. Mukapitako mu Seputembala kapena mu Okutobala, mvula italeka kalekale, dziwani kuti chilichonse chobiriwira chimene mukuchiona chinachita kuthiriridwa ndi munthu. Nanga madzi amenewo anafika bwanji pa mizu ya tomatoyo, ndipo ndani anathandiza kuti afike?

Funsoli lili ndi pake. Kwa zaka zoposa 60 mayiko achikomyunizimu, kuyambira Soviet Union ndi anzake a kum'mawa kwa Ulaya mpaka China, North Korea ndi Cuba, analonjeza mayiko osauka zinthu ziwiri zimene mlimi aliyense amazilakalaka, madzi ndi makina. Atsogoleri a Zimbabwe amadzitama mpaka lero kuti abwenzi awo enieni ali kum'mawa. Ngati malonjezo aja anabereka, zipatso zake tiyenera kuzipeza m'madengu a pa Mbare.

Nkhaniyi inayambira pa mtsinje wa Nile. Mu Julayi 1956 dziko la America linabweza lonjezo lake lothandiza Egypt kumanga damu lalikulu la Aswan, ndipo patangotha sabata imodzi mtsogoleri wa Egypt Gamal Abdel Nasser analanda ngalande ya Suez. Mu 1958 Soviet Union inavomera kupereka ngongole ndi mainjiniya. Ntchito inayamba mu 1960 n'kutha mu 1970. Damulo linathetsa kusefukira kwa madzi kwa chaka ndi chaka, linalola alimi kukolola kawiri kapena katatu pachaka, ndipo madzi osungidwamo anatchinjiriza Egypt pa chilala cha m'ma 1980. Mtengo wake unalinso waukulu: anthu a ku Nubia pafupifupi 100,000 anasamutsidwa ku Egypt ndi ku Sudan, ndipo matope achonde amene mtsinje unkathira m'minda anayamba kutsalira m'damumo, alimi n'kuyamba kudalira feteleza. Koma atsogoleri a mu Africa anatolapo phunziro limodzi lokha, lakuti azungu a kumadzulo akakukaniza, pali nyumba ina yokagogoda.

A Soviet sankabweretsa simenti ndi zitsulo zokha ayi. Ankabweretsanso chikhulupiriro chakuti mlimi wa khasu ndi munthu wa dzulo, ndipo tsogolo ndi munda waukulu wa boma, wa mahekitala zikwizikwi, wolimidwa ndi mathirakitala, anthu n'kumagwira ntchito ngati m'fakitale. Kwame Nkrumah anayesa zimenezi ku Ghana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo minda ya boma ija inadya ndalama zambiri kuposa zimene inabweza. Atamuchotsa pampando mu 1966, yambiri inatha. Chodabwitsa n'chakuti mphunzitsiyo anali ndi vuto lomwelo kunyumba kwake. Mu 1963 Soviet Union inagula tirigu ku Canada, mu 1972 inagulanso wochuluka zedi ku America, ndipo nyanja ya Aral inali itayamba kuphwa chifukwa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya anaipatutsira m'minda ya thonje.

Matchaina anabwera ndi njira ina. Mu Januwale 1964, ali ku Accra pa ulendo woyendera mayiko khumi a mu Africa, nduna yaikulu Zhou Enlai analengeza mfundo zisanu ndi zitatu zoyendetsera thandizo la dziko lake. Zina mwa izo zinali zakuti ngongole zizikhala zopanda chiwongoladzanja kapena za chiwongoladzanja chochepa, ntchito zizikhala zosadya ndalama zambiri koma zobweza msanga, ndiponso akatswiri a ku China azikhala moyo wofanana ndi wa anzawo a dziko limene apitako. Mfundo yomalizayi inagwira anthu mtima. Amene anazolowera mlangizi wolankhula ali m'galimoto anaona mlendo atapinda buluku, ali m'matope mpaka m'mawondo, akuwokera mpunga. Pa mpunga ndi pa kuyendetsa madzi m'ngalande Matchaina analidi akatswiri, ndipo ntchito zawo za m'ma 1970 zinaoneka ndi maso: munda wa Mbarali kufupi ndi Mbeya ku Tanzania, wa mahekitala pafupifupi 3,000 othiriridwa, sikimu ya Kibimba ku Uganda, minda ya nzimbe ndi mafakitale a shuga ku Mali.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma anatinso mlendo ndi mame. Zonse ziwiri zinapherezera. Akatswiri aja ali pomwepo, zokolola zinali zosiririka. Akangokwera ndege kubwerera kwawo, ngalande zinkadzaza matope, pampu ikafa chitsulo chake chinkasowa, ndipo kampani ya boma yoyang'anira mundawo inkagulitsa mpunga pa mtengo woikidwa ndi boma lomwelo, wosakwanira ngakhale kugula dizilo. Mbarali anaugulitsa kwa anthu wamba mu 2006. Kibimba nayonso inathera m'manja mwa kampani yabizinesi. Ndipo kumbukirani kuti ku China kwenikweniko, njala ya 1959 mpaka 1961, imene inabwera chifukwa chokakamiza anthu kulima pamodzi, inapha anthu mamiliyoni makumi angapo. Mu 1978 alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang m'chigawo cha Anhui anagwirizana mobisa kugawana munda wa gulu kuti banja lililonse lizilima pake. Zokolola zinakwera, boma linavomereza, ndipo pasanathe zaka zambiri dziko lonse linatsatira. Nthawi imene Africa inkamanga minda ya boma, mwini njirayo anali akuisiya.

Kwathu ku Malawi nkhaniyi inabwera chozondoka. Kamuzu Banda sankafuna kumva fungo la chikomyunizimu, choncho mu 1966 anapalana ubwenzi ndi Taiwan. Matchaina amene agogo athu amawakumbukira m'masikimu a mpunga monga Domasi ndi Likangala anali a ku Taiwan, otumizidwa dala kuti atsekereze Beijing. Komatu taonani mmene masikimuwo ankayendera: malo anali a boma, mlimi ankangobwerekedwa kagawo, achinyamata a Malawi Young Pioneers anaikidwamo kuti azisungitsa mwambo, ndipo mpunga unkapita ku ADMARC. Apayoniya atabalalitsidwa mu Disembala 1993, ndalama za boma zitachepa, masikimu ambiri anayamba kugwa monga anagwera a ku Tanzania. Apa mpamene ndimaonera kuti matendawa sanali a mbendera yofiira yokha. Kulikonse kumene mlimi sanali mwini munda ndi mwini madzi, ngalande inkadikira boma kuti lidzaikumbe.

Kumene njira ya a Soviet inayesedwa mwamphamvu ndi ku Mozambique, ndipo nkhani yake ndi ya abale athu enieni. Pa msonkhano wake waukulu wachitatu mu 1977, chipani cha Frelimo chinalengeza kuti chikutsata Marx ndi Lenin. Minda imene Apwitikizi anaisiya pothawa inasanduka ya boma, ndipo pafupifupi ndalama zonse zotukulira ulimi zinapita kumeneko, mlimi wa khasu n'kutsala wopanda ngakhale pogula khasulo. Ku Chókwè, m'chigwa cha Limpopo, kunali malo othiriridwa aakulu kuposa ena onse m'dzikomo. Anthu amene atsamunda anawalanda malowo ankayembekeza kuti ufulu ukabwera abwezeredwa. M'malo mwake madzi atasefukira mu 1977 anawasamutsira m'midzi ya pamodzi, malowo n'kuperekedwa kwa kampani ya boma yotchedwa CAIL, yodzaza ndi makina ndi alangizi ochokera kum'mawa kwa Ulaya. Makina okololera ankafa mpunga uli m'munda, mpaka boma linkatenga anthu zikwizikwi m'mizinda kuti akamwete ndi zikwakwa.

Ku Angónia, m'chigawo cha Tete, kumene amalankhula chinenero chathu chomwechi, kunali kampani ina yotere yotchedwa CAIA, yolima chimanga, mbatatesi ndi zipatso pa malo a atsamunda akale. Ku Niassa akatswiri a ku East Germany anayamba munda waukulu ku Unango. Pa 6 Disembala 1984 zigawenga zinawabisalira panjira akupita kuntchito n'kupha 8 mwa iwo pamodzi ndi anthu ena, ndipo ntchitoyo inathera pomwepo. Tisaiwale chilungamo apa: nkhondo ya Renamo, imene inayambitsidwa ndi Rhodesia n'kudyetsedwa ndi South Africa ya tsankho, inagwetsa zambiri zimene mwina zikanaima. Koma Frelimo yokha, pa msonkhano wake wachinayi mu 1983, inavomera kuti inanyalanyaza mabanja olima paokha, ndipo CAIL inagawidwa. Lero pitani pa Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano muone milu ya mbatatesi, kabichi ndi tomato. Zambiri zimachokera m'madimba a mabanja a mbali zonse ziwiri za malire, amene amapatutsa timitsinje ta m'mapiri ndi timigula tokumba ndi khasu. CAIA inapita, madimba aja adakalipo.

Tsopano Zimbabwe. Pa nkhondo ya ufulu, ZANU inkathandizidwa ndi China, ZAPU ndi Soviet Union, ndipo Pulezidenti Emmerson Mnangagwa mwiniwake anakaphunzira zankhondo ku China m'ma 1960. Munthu angaganize kuti 1980 itafika dzikolo linadzaza minda ya pamodzi ndi madamu a abwenziwo. Sizinatero. Pangano la Lancaster House la 1979 linateteza malo a azungu kwa zaka khumi, ndipo lamulo la madzi la 1976 linkapatsa ufulu wa mtsinje kwa amene anayamba kulembetsa, kutanthauza alimi achizungu ndi makampani a nzimbe a Triangle ndi Hippo Valley. Lamulo limeneli linasinthidwa mu 1998. Sosholizimu ya Robert Mugabe inali yambiri m'malankhulidwe, yochepa m'munda. Panali makopaletivi olima pamodzi, ndipo ena monga Simukai, imene anaiyambitsa asilikali akale a ZIPRA, gulu lankhondo la ZAPU, kufupi ndi Harare, analimbikira ndithu, koma ambiri anafota chifukwa chosowa mpamba. Ngakhale minda ya boma ya ARDA, monga ya ku Chisumbanje, sinachokere ku Moscow. Anaitengera ku bungwe la TILCOR la boma la Ian Smith.

Abwenzi a kum'mawa anapereka zina. China inamanga bwalo la masewero la National Sports Stadium limene linatsegulidwa mu 1987. Cuba inaphunzitsa aphunzitsi a sayansi ndi masamu kuyambira 1986. North Korea inamanga manda a ngwazi a Heroes Acre, ndiponso inaphunzitsa gulu la asilikali la Fifth Brigade limene linapha anthu zikwizikwi ku Matabeleland. Za ulimi wothirira wa alimi ang'onoang'ono, masikimu akale monga Nyanyadzi ndi a m'ma 1930, nthawi ya mmishonale Emory Alvord, ndipo ndalama za masikimu a m'ma 1980 ndi 1990 zinkachokera makamaka ku Germany, Denmark, Japan ndi mabungwe a United Nations. Chimene chinakweza mlimi wakumudzi m'ma 1980, mpaka kufika pogulitsa chimanga chochuluka kuposa alimi achizungu, chinali mbewu ya haibulidi, ngongole za feteleza, alangizi a Agritex, misewu ndi madepoti a Grain Marketing Board ofika kumudzi. Zonsezi zinamupeza pa munda wake womwe.

Zinthu zinatembenuka mu 2000, minda ya azungu itayamba kulandidwa. M'chipwirikiti chimenecho mapampu anabedwa, mathiransifoma anazulidwa, mapaipi a aluminiyamu anasungunulidwa n'kukhala miphika. Pali mbali ya nkhaniyi imene imatikhudza ife. Ambiri mwa anthu amene ankadziwa kutsegula madzi, kusuntha mapaipi ndi kukonza mapampu m'mafamu aja anali ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Zambia, mtundu womwewo umene unadzaza Mbare kuyambira kale akutchedwa Harari. Pogawa malo, ochepa kwambiri mwa iwo ndiwo analandira, ndipo lamulo la 2001 linawachotsera ambiri unzika. Mugabe anafika ponyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, kutanthauza obwera opanda mfunda. Dziko linataya zitsulo, linatayanso manja odziwa kuzigwiritsa ntchito.

Mayiko a kumadzulo atatseka thumba, Mugabe analengeza mu 2003 kuti ayang'ana kum'mawa. Chaka chomwecho kunamveka nkhani yakuti kampani ya China International Water and Electric idzaswa mphanje ndi kuthirira mahekitala 100,000 ku Nuanetsi, kum'mwera kwa dzikolo. Manyuzipepala akunja analemba kuti China yalanda malo. Wofufuza wina, Deborah Brautigam, anaonetsa m'buku lake la 2015 kuti sizinali choncho: inali kontirakiti wamba, boma la Zimbabwe ndilo linayenera kulipira, ndipo litalephera kampaniyo inanyamula katundu wake itangolambula kagawo kochepa. Kampani yomweyo ndi imene ikumanga damu la Gwayi-Shangani ku Matabeleland ndi ndalama za boma la Zimbabwe, ntchito imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo masiku oimalizira akhala akusunthidwa chaka ndi chaka. Damu lalikulu limene linathadi, la Tugwi-Mukosi, anamanga ndi kampani ya ku Italy.

Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu zitatu zimene andale amakonda kuziphatikiza akamadula riboni: mphatso, ngongole ndi malonda. Mphatso zilipo. Pa msonkhano wa ku Beijing wa 2006 China inalonjeza malo ophunzitsira ulimi wamakono m'mayiko a mu Africa, ndipo ku Zimbabwe anawamanga pa koleji ya ulimi ya Gwebi, kumpoto chakumadzulo kwa Harare. Kwathu ali ku Salima, chipatso cha ubale umene Bingu wa Mutharika anausamutsa kuchoka ku Taiwan mu Disembala 2007. Palinso zitsime zimene China yakumba m'midzi ya ku Zimbabwe, ndipo amayi amene ankatunga madzi kumtsinje sangazinyoze. Koma malo a ku Gwebi amayendetsedwa ndi kampani yogulitsa makina, ndipo zimene amaonetsa kwambiri ndi mathirakitala aakulu ndi makina othirira ozungulira, oyenera munthu wa mahekitala mazana. Mlimi wa tomato wa ku Mutoko angathe kukaona n'kusirira, basi.

Ngongole ndiye zinabweretsa mathirakitala. Mu 2007 China inapereka mathirakitala 424 pa ngongole, nthawi yomwe banki yaikulu ya Zimbabwe, motsogozedwa ndi Gideon Gono, inkagawa zipangizo zaulimi. Ambiri olandira sanabweze kanthu, ndipo mu 2015 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti ngongole za bankiyo, zoposa madola a ku America 1.3 biliyoni, zisenzedwe ndi boma, ndiye kuti ndi aliyense wokhoma msonkho. Mu 2020 katswiri wa malamulo Alex Magaisa anatulutsa mayina a olandira, ndipo munali nduna, oweruza ndi akuluakulu a asilikali. Masiku ano mathirakitala akuchokera ku Belarus, ku fakitale ya ku Minsk ya nthawi ya Soviet, ndipo mtsogoleri wa dzikolo Alexander Lukashenko anafika yekha ku Harare mu 2023. Mtundu wa penti wasintha, funso la amene akulandira silinasinthe.

Chimene chinayendadi bwino ndi malonda, ndipo malondawo ndi a fodya. Kampani ya Tian Ze, ya boma la China, inafika mu 2005 n'kuyamba kupereka feteleza, mankhwala ndi ndalama kwa alimi kuti adzabweze ndi fodya. Ulimi wa fodya, umene unagwa kuchoka pa makilogalamu oposa 230 miliyoni mu 2000 kufika pochepera 50 miliyoni mu 2008, unadzukanso mpaka kufika pa 296 miliyoni mu 2023, makampani enanso atalowa m'njira yomweyo. Alimi ambiri amanga nyumba za malata ndi fodya ameneyu, enanso amangozungulira m'ngongole, ndipo mitengo ikutha powotchera fodyayo. Chikomyunizimu mulibemo m'nkhaniyi. Chipani cholamula ku Beijing ndi cha dzina lomwe lija, koma ndalama zake zimayenda ngati za wamalonda wina aliyense, ndipo fodya sadyedwa.

Nanga tomato uja amathiriridwa ndi chiyani? Tsikirani kudimba la ku Mutoko kapena la ku Domboshava m'chilimwe. Mupeza kainjini ka petulo kakang'ono, koti mnyamata amakakweza pa wilibala m'mawa n'kukabweza kunyumba madzulo kuopa akuba. Kali m'mphepete mwa mtsinje kapena pa chitsime chokumba pamanja, kakukoka madzi n'kuwakankhira mu paipi yakuda ya pulasitiki, yolumikizidwa apa ndi apo ndi mphira wa chubu. Kumapeto kwa paipiyo kuli mayi akuthirira phando ndi phando. Kainjiniko n'kopangidwa ku China, mtengo wake ndi madola mazana ochepa, ndipo palibe nduna imene inabwera kudzakapereka. Mlimi anakagula yekha ndi ndalama za tomato wa chaka chatha, za fodya, kapena zotumizidwa ndi mwana wa ku Johannesburg. Anthu amakanyoza kuti ndi zhing-zhong, dzina la katundu wotchipa wosachedwa kufa, ndipo kamafadi. Koma kakafa, ku Siyaso, ku Mbare komweko, kuli amisiri amene amakamasula, kuchotsa chitsulo pa kanzake kakufa, n'kukadzutsa tsiku lomwelo. Thirakitala ya CAIL inalibe Siyaso. Masiku ano mapampu a sola, nawonso a ku China, akulowa m'madimba momwemo.

Ian Scoones ndi anzake, amene akhala akufufuza za minda ya ku Masvingo kwa zaka zambiri, analemba mu 2019 kuti m'madera amene anayeza, ulimi wothirira woyambitsidwa ndi alimi okha unali pa malo aakulu kuposa a masikimu a boma, ngakhale kuti m'mabuku a boma sumawerengedwa. Uli ndi zovuta zake, ndipo tisazibise. Anthu amalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mchenga n'kumadzaza madamu. Wa pampu yaikulu kumtunda amaumitsa wa kheni kumunsi, ndipo ambiri alibe chilolezo cha madzi, choncho pakabuka mkangano palibe poyambira. Komabe zoona zake n'zakuti thandizo lalikulu limene China yapereka kwa mlimi wamng'ono wa ku Zimbabwe silinadzere ku ofesi ya kazembe. Linadzera m'sitolo, ndipo linatheka chifukwa China inasiya njira ya mtsogoleri wake wakale Mao n'kuyamba kupanga katundu wotchipa wogulitsa dziko lonse.

Pali chinthu china chimene okonza mapulani aja sankachiona, ndipo pa Mbare chimaonekera poyera. Madzi akafika m'munda ntchito siinathe. Alimi a dera limodzi akabzala nthawi imodzi, tomato amapsa nthawi imodzi, malole amafika usiku umodzi, ndipo mtengo wa bokosi umagwa dzuwa lisanatuluke. Pakati pa mlimi ndi wogula pamaima anyamata otchedwa makoronyera, amene amakumana ndi lole pachipata, kuika mtengo, ndi kuopseza wofuna kugulitsa yekha. Mlimi alibe chipinda chozizira, walipira kale lole, ndipo tomato sadikira mawa, ndiye amagulitsa mmene angagulitsire. Akomyunisiti ankaona wamalonda ngati nsabwe yoyamwa magazi a mlimi, ndipo poona makoronyera munthu angawavomereze. Koma mankhwala awo anali oopsa kuposa matenda. Ku Mozambique, masitolo a Apwitikizi ndi Amwenye atatsekedwa, masitolo a boma analibe mchere, sopo kapena nsalu, ndipo alimi analeka kugulitsa chimanga poona kuti ndalama yake palibe chimene ingagule. Mu 1983 boma linasesa anthu amene linkawatcha osapindulitsa m'mizinda n'kukawataya ku Niassa kuti akalime. Mu 2005 boma la Zimbabwe linachita zofananazo pa ntchito yogwetsa nyumba ndi misika yotchedwa Murambatsvina, ndipo United Nations inati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwira ntchito. Mbare inali pakati pa malo oyamba kugwetsedwa. Moto utapsereza gawo lalikulu la msikawu mu Okutobala 2024, anthu zikwi zingapo anataya katundu usiku umodzi, ndipo mpamene akuluakulu anathamanga kumanga msika watsopano, umene unatsegulidwa mu 2025. Ndalama zimene zinathera ku Nuanetsi ndi ku mathirakitala a nduna zikanamanga zipinda zozizira ndi mashedi pa Mbare zaka 20 zapitazo.

Sindikunena kuti thandizo la mayiko achikomyunizimu linali lachabe. Aswan ikugwirabe ntchito. Ku Mbarali ndi ku Kibimba kukulimidwabe mpunga, ndipo alimi oyandikana nako anatengera luso la kuwokera ndi kukonza mabedi a madzi n'kulipititsa m'minda yawo. Kubwera kwa a kum'mawa kunachititsanso a kumadzulo kutsegula thumba limene akanalitseka. Damu lalikulu ndi ngalande ya makilomita ambiri sizingamangidwe ndi mlimi wa wilibala, zimafuna boma ndi ngongole. Cholakwika chinali kuganiza kuti womanga ngalande ayeneranso kukhala mwini munda, wosankha mbewu ndi woika mtengo. Pamene anamanga n'kusiyira anthu, china chake chinatsala. Pamene anamanga n'kukhalapo, patsala zitsulo za dzimbiri.

Ife a ku Malawi tilibe chifukwa chosekera anzathu. Mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144, ogulidwa ndi ngongole ya ku India, dziko losakhala lachikomyunizimu n'komwe, anathera m'manja mwa andale ndi akuluakulu a m'boma pa mtengo wolira, monga Martha Chizuma anaulula mu lipoti lake la 2016 ali Ombudsman. Lero tikukamba za minda ikuluikulu, ndipo ngalande yochokera ku Kapichira ikukumbidwa kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Aphungu athu akamadzakambirananso ngongole ya damu kapena ya makina, kaya yachokera ku Beijing, ku Minsk, ku New Delhi kapena ku Washington, adzaumirire kuti zilembedwe poyera isanasainidwe: munda udzakhala wa yani, pampu ikafa adzakonza ndani ndi ndalama ziti, ndipo zokololazo zidzagulitsidwa kuti. Inunso owerenga, phungu wanu akabwera kumudzi, mufunseni zimenezi pamaso pa anthu.